Pasiwedi ya Mwana ku Yunivesite Si Ndiwo Zogawana

"Tandipatsako kapasiwedi kako kaja, ndingokoperapo mabuku awiri basi." Mawu ngati awa si achilendo m'makomo mwathu kunja kuno. Wopemphayo amakhala malume, mlamu kapena achimwene, ndipo mwana woleredwa bwino amavutika kukana. Tinakula tikudyera mbale imodzi, inde. Koma ichi chokha, makolo anzanga, tiyeni tichisiye.

Mwana akalembetsa ku yunivesite amapatsidwa akaunti yomutsegulira imelo, Wi-Fi ya eduroam, laibulale ya pa intaneti ndi mapulogalamu olembera ntchito zake. Asanayambe kuigwiritsa ntchito amavomera malamulo a sukuluyo, ndipo limodzi lomwe silisowa ndi lakuti pasiwedi usapatse munthu wina. Ku Britain mayunivesite amalumikizana kudzera pa netiweki ya Janet, yomwe amaiyendetsa a bungwe la Jisc, nayonso ili ndi malamulo ake.

Chilichonse chochitika pa akauntiyo chimalembedwa m'dzina la mwini wake. Malume akakopera nkhani zakafukufuku mazanamazana usiku umodzi, kampani yosindikiza imatha kutseka akauntiyo, mwinanso kutsekera sukulu yonse. A IT akafufuza amapeza dzina la mwana wanu, osati la malume. Paja nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka.

Anawo nawonso tiwatsine khutu. Mu 2014 wina pa Harvard ku America anagwiritsa ntchito makompyuta amphamvu a kafukufuku, otchedwa Odyssey, kukumbira ndalama za pa intaneti za Dogecoin. Atamutulukira, anamuletseratu kukhudzanso makompyutawo. Kukopera mafilimu akuba, kuyendetsera geni pa imelo ya sukulu kapena kunyoza anzako pa netiweki ya yunivesite, zonsezi n'zosavuta kuzilondola.

Nkhaniyi ingathe kufikanso kukhoti. Lamulo la ku Britain la Computer Misuse Act la 1990 limati kulowa mu kompyuta ukudziwa kuti ulibe chilolezo ndi mlandu, ndipo chilango chimatha kufika zaka 2 kundende. Ku South Africa kuli Cybercrimes Act ya 2020 yomwe imaletsanso zomwezo.

Kwa ife alendo pali china cholemera. Wophunzira yemwe ali pa Student visa ku Britain akachotsedwa sukulu, yunivesite imadziwitsa a Home Office, ndipo kawirikawiri amatsala ndi masiku 60 oti apeze njira ina kapena achoke m'dzikomo. Ndalama zonse za fizi zija, mashifiti ausiku aja, zipite chifukwa cha mabuku awiri?

Amene akufuna zowerenga akalembetse ku laibulale ya m'dera lawo, ku Britain kuno ndi ulere. Nkhani zambiri zakafukufuku zimapezekanso zaulere mukafufuza pa Google Scholar. Ndipo mwana akayankha kuti, "Pepani amalume, sindingathe," musamutenge ngati wamwano. Muimireni kumbuyo. Akuteteza digiri yomwe banja lonse likuidikira.