Chiyambi cha Nkhani m'Chinyanja: Kuchokera ku Nthano Kufika pa Intaneti

1.0 Mawu Oyamba

Cholinga cha pepala lino ndi kufotokoza ntchito ya chiyambi cha nkhani yolembedwa m'Chinyanja, makamaka nkhani yowerengedwa pa intaneti. Tatsamira pa Chipata ndi madera ozungulira, m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, kumene chiyankhulochi chakhala chikugwiritsidwa ntchito m'nthano, m'nyuzipepala ndi pa wailesi. Mfundo yathu ndi yakuti mlembi wamakono ayenera kusunga ntchito imene mawu oyambira nthano amagwira, ngakhale mawu enieniwo atawasiya.

2.0 Chiyambi m'Nkhani Zapakamwa

Wosimba nthano amayamba ndi mawu akuti "Padangokhala" kapena "Padangotero", ndipo omvera amavomera kuti "Tili tonse". Chimodzimodzinso woponya chilape amati "Chilape", anzake nkuyankha kuti "Nachize". Tikaonetsetsa, mawuwa amagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kumanga pangano pakati pa wokamba ndi omvera. Yachiwiri ndi kutsegula njira, pakuti akangomva yankho, wosimba amatchula msanga mwini nkhani, malo ndi vuto lake: mudzi wakutiwakuti, njala itagwa, Kalulu atakana kukumba nawo chitsime.

Pa bwalo la milandu zinthu nzosiyana. Woyankhula amayamba ndi kulemekeza mfumu ndi nduna zake, amapereka malonje, mwinanso kuponyapo mwambi, asanafike pa mutu wa nkhani. Kuzungulira kotere kuli ndi chifukwa chake: anthu akhala kale pansi, ndipo sangabalalike mfumu isanagamule. Vuto limabuka pamene mlembi atengera chiyambi cha pabwalo nkukachiika pamalo pamene wowerenga ali ndi ufulu wochoka nthawi iliyonse.

3.0 Nyuzipepala ndi Wailesi

Mu 1936 boma la atsamunda la Northern Rhodesia lidayamba kusindikiza nyuzipepala ya Mutende, imene inkakhala ndi nkhani zina m'Chinyanja. Dziko litalandira ufulu mu 1964, nthambi yofalitsa nkhani ya Zambia Information Services inkatulutsa Tsopano, nyuzipepala ya Chinyanja ya anthu a kum'mawa. Kalembedwe ka atolankhani kamafuna kuti ndime yoyamba iyankhe mafunso akuti ndani, wachita chiyani, kuti ndiponso liti. Njirayi imafulumiza uthenga, koma kawirikawiri imasowa pangano lija la "Tili tonse".

Wailesi ndiyo idaonetsa kuti ziwirizi zikhoza kuyendera limodzi. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, Julius Chongo ankasimba nkhani zake pa wailesi ya boma mu pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, ndipo Ernst Wendland adafufuza mozama luso lake. Chongo adalibe gulu lomuvomera pamaso pake, choncho ankagwira omvera ndi mvekero, kusinthasintha mawu ndiponso kuyankhulitsa atengambali. Mawailesi a ku Chipata monga Radio Maria ndi Breeze FM, imene adayambitsa Mike Daka, adapeza omvera ozolowera kale kukopedwa ndi khutu.

4.0 Wowerenga pa Intaneti

Wowerenga pa intaneti amasiyana ndi onse tatchulawa. Nthawi zambiri amawerenga pa foni ya m'manja, bandulo wagula ndi ndalama zake, ndipo pa Facebook kapena WhatsApp nkhani yaitali imaoneka mizere yoyamba yokha, yotsalayo nkubisika mpaka iye mwini ataitsegula. Kutsegulako ndiko kuvomera kwake. Motero dongosolo la nthano latembenuka: pa nthano omvera amavomera asanamve nkhani, pamene pa intaneti wowerenga amayamba walawa nkhaniyo kenaka nkuvomera.

5.0 Zitsanzo

Ziganizo zotsatirazi tazipanga tokha pofuna kuyerekeza.

(1a) Monga tonse tikudziwa, mtundu uliwonse uli ndi chikhalidwe chake, ndipo chikhalidwe ndi chinthu chofunika kwambiri.

(1b) Atagonjetsedwa ndi Angerezi mu 1898, Angoni a Mpezeni adakhala zaka zoposa 80 osachita mwambo wa Nc'wala, mpaka mu 1980.

Chiganizo (1a) chikhoza kuyambira nkhani ya Nc'wala wa ku Mtenguleni, ya Kulamba wa ku Mkaika ku Katete, kapena ya mwambo wina uliwonse. Pachifukwa chimenechi sichilonjeza kanthu. Chiganizo (1b) chatchula anthu, nthawi ndi vuto, monga momwe wosimba nthano amachitira, ndipo chasiya funso mumtima mwa wowerenga: mwambowu udabwerera bwanji?

Malamulo a chiyankhulo nawonso amathandiza mlembi. Taonani ziganizo izi:

(2a) Mbozi zawononga chimanga cha alimi a ku Katete.

(2b) Chimanga cha alimi a ku Katete, mbozi zachiwononga.

Joan Bresnan ndi Sam Mchombo adaonetsa mu 1987 kuti kachidutswa ka mneni koimira pamtherankhani, monga -chi- mu (2b), kamalola dzina kuchoka pamalo pake nkukhala mutu wa chiganizo. Tanthauzo lake kwa mlembi ndi lakuti angathe kutsogoza chimene chikumukhudza wowerenga. Mlimi wa ku Katete nkhawa yake ili pa chimanga, choncho (2b) chimugwira msanga.

Za miyambi tiyenera kuchenjera. Mwambi monga "Mutu umodzi susenza denga" wagwiritsidwa ntchito poyambira nkhani za chitukuko, za ukwati ndi za ndale, kotero kuti ukaima patsogolo suuza wowerenga zimene zikubwera. Mwambi umakoma ukabwera pambuyo pa chochitika, monga momwe akuluakulu amauponyera mlandu utamveka.

6.0 Phunziro kwa Aphunzitsi

Chinyanja ndi chimodzi mwa ziyankhulo 7 za m'dziko zophunzitsidwa m'sukulu za Zambia, ndipo ophunzira ambiri amazolowera kuyamba chimangirizo ndi mawu onga a mu (1a). Chizolowezichi chikapitirira, nkhani za Chinyanja pa intaneti zidzadumphidwa, owerenga nkuthamangira za Chingerezi, ena nkumati chiyankhulo chathu ncholemera kuwerenga pamene cholakwa ndi kalembedwe.

Tikupempha aphunzitsi kuti ayese njira iyi. Wophunzira asimbe nkhani yake pakamwa kwa anzake, wina alembe ziganizo ziwiri zoyamba zimene wanena, kenaka aziyerekeze ndi zimene adalemba m'kope. Ziganizo zapakamwazo zikapezeka kuti zatchula munthu, malo ndi vuto pamene zolembedwa zikungozungulira, wophunzirayo adzaona yekha poyenera kukonza. Ofufuza nawonso ali ndi ntchito yosonkhanitsa ziyambi za m'makope akale a Tsopano ndi kuziyerekeza ndi zolembedwa pa intaneti lero, kuti tidziwe mmene kalembedweka kasinthira.