Za Kuonjeza ndi Kuchepsa Kuwala m'Kamera

Kamera, ndiyo makina ojambulira zithunzi, ili ndi diso, koma nzeru ilibe. Iyo iyesa kuti zinthu zonse nzotuwa ngati phulusa. Chifukwa chake, ana inu, mukajambula mnzanu ataima patsogolo pa khoma loyera, kamera iganiza kuti kuwala kwachuluka, nikuchepsa. Ndipo nkhope ya mnzanuyo ituluka yakuda bii, yosazindikirika.

Pa makamera ambiri pali kabatani kolembedwa + ndi −. Mukaika +1, kuwala kolowa kuwirikiza kawiri, nkhope ija nioneka. Mukaika −1, kutsala theka lake.

Tsono kamera ili nazo njira ziwiri zoonjezera kuwalako: kukuza bowo lolowera kuwala, kapena kutalikitsa nthawi yolowera. Njira imene itsata idalira chilembo chimene mwasankha pa kagudumu ka pamwamba pake. Pa A, inu musankha bowo, ndipo kamera isintha nthawi: 1/250 ya sekondi isanduka 1/125. Apa chenjerani, pakuti nthawi ikatalikitsa dzanja linjenjemera, chithunzi nichita mbuu. Pa S musankha nthawi, kamera nikuza bowo, kuchokera f/8 kufika f/5.6, pakuti nambala yaing'ono ndiyo bowo lalikulu. Makamera a Canon alemba Av ndi Tv m'malo mwa A ndi S. Pa P kamera isintha zonse ziwiri yokha.

Pa M mpamene ambiri anyengeka. Pamenepo bowo ndi nthawi zili m'manja mwanu, ndipo kabatani kaja sikasintha chithunzi, pokhapokha mutalola kamera kudzisankhira ISO, ndiyo mphamvu ya diso lake yakumva kuwala.