Kuŵeta Nsomba M'thanki Pakhomo: Yambani Mwadziŵa Madzi Anu

Alimi ambiri m'boma la Mchinji amalakalaka kuŵeta nsomba, koma si onse amene ali ndi malo okumba dziŵe. Matenanti a m'maesiteti sangakumbe pa malo a eni ake, ndipo alimi ena amaopa kutaya ndalama pa ntchito imene sanaiyesepo. Onseŵa angathe kuyamba ndi thanki yaing'ono ya galasi kapena beseni lalikulu lapulasitiki pakhonde. Thanki simudzadyamo ndiwo zambiri ai, koma imakongoletsa pakhomo, ndipo imaphunzitsa chinthu chimene chimagwetsa alimi ambiri a nsomba, ndicho madzi. Monga mlimi wa fodya amayamba wadziŵa nthaka yake asanafese nazale, woŵeta nsomba ayambe wadziŵa madzi ake.

Madzi olimba ndi madzi ofeŵa

Madzi a mvula akamagwa amakhala opanda kanthu kwenikweni. Akaloŵa m'nthaka amasungunula miyala pang'onopang'ono ndi kutengako michere iŵiri, kashiamu ndi maginiziyamu. Kashiamu ndi yemweyo amapezeka mu laimu, m'mafupa ndi m'zikamba za mazira. Madzi amene atenga michereyi yambiri akatswiri amawatcha olimba, ndipo amene atenga yochepa amawatcha ofeŵa.

Akatswiriwo amayeza michereyi pa lita imodzi ya madzi. Ikachepera mamiligalamu 60 madziwo ndi ofeŵa. Kuyambira 61 mpaka 120 ndi apakatikati, kuyambira 121 mpaka 180 ndi olimba, ndipo ikapitirira 180 ndi olimba kwambiri.

Nsomba zimafuna kashiamu kuti mafupa ndi mamba zikule bwino. Koma ntchito yaikulu ya laimu wa m'madzi ndi kuletsa madziwo kusanduka a asidi. Asidi amayezedwa pa muyeso wotchedwa pH, umene umayambira pa 0 kulekezera pa 14. Pakati pake ndi 7, ndipo manambala a m'munsi mwa 7 ndiwo a asidi. Makumba, chilunguni ndi chambo zimakula bwino pH ikakhala pakati pa 6.5 ndi 9. M'madzi ofeŵa kwambiri pH simakhazikika: imatsika usiku, nikwera masana, ndipo nsomba zimafooka ndi kusinthasinthako.

Nkhaniyi ife a ku Mchinji imatikhudza. M'mwezi wa July 2020 matenda a zilonda a nsomba otchedwa EUS anapezeka koyamba m'Malaŵi muno, ndipo anayambira m'boma lathu lomwe lino, kumbali ya mtsinje wa Bua. Matendaŵa amadza ndi nkhungu ya m'madzi, ndipo amakula msanga nyengo yozizira ndiponso m'madzi a asidi osoŵa laimu. Nchifukwa chake kuthira laimu m'maiŵe ndi imodzi mwa njira zowapeŵera.

Kuyeza madzi popanda zida

Zitsime ziŵiri za m'mudzi umodzi zingathe kukhala ndi madzi osiyana. Choncho musadalire zimene wapeza mnzanu. Yezani madzi anu motere:

1. Tengani mabotolo aŵiri ofanana, otsuka bwino. M'limodzi thirani madzi a mvula kufika theka, m'linalo madzi a pa mjigo kapena pa chitsime chanu.

2. Palani sopo wamtanda, muike muyeso wofanana m'mabotolo onse aŵiri. Sopo waufa sayenera pa ntchitoyi, chifukwa amachita thovu m'madzi a mtundu uliwonse.

3. Tsekani ndi kukhutchumula kakhumi. Ngati madzi anu achita thovu lambiri ngati a mvula aja, ndi ofeŵa. Ngati achita mbuu ngati mkaka, thovu lili lochepa ndipo pamwamba payandama zoyera, ndi olimba.

Amai pakhomo amadziŵa kale zizindikiro zina. Madzi olimba amasiya zoyera zokakamira pansi pa ketulo, amatha sopo pochapa, ndipo nyemba zimachedwa kupsa. Madzi osiya dzimbiri lofiira m'ndowa ali ndi chitsulo, imeneyo ndi nkhani ina. Madzi otere agone m'ndowa masiku aŵiri, zofiirazo zikhale pansi, kenaka mutsanule apamwamba okha.

Kukonza thanki

Thanki yotalika masentimita 60, yokhala ndi masentimita 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu, imaloŵa malita 54, pafupifupi ndowa zitatu za malita 20. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti thankiyo ikadzaza imaposa thumba la feteleza kulemera. Iikeni pa tebulo lolimba ndi losapendekeka, poŵala koma posafika dzuŵa la masana, kutali ndi utsi wa kukhitchini.

Pansi yalani mchenga wa kumtsinje wotsuka kangapo ndi kuumitsa padzuŵa, muikeponso miyala ingapo yoti nsomba zizibisalamo. Mwala mungauyese poudonthezera viniga. Ukachita thovu ndiye kuti uli ndi laimu, ndipo udzalimbitsa madzi anu.

Amene mumamwa madzi a pampopi, monga pa Boma, kumbukirani kuti muli kolorini. Mankhwalaŵa ndi abwino kwa anthu koma amapsereza makha a nsomba. Madziwo agone m'ndowa yosavundikira masiku aŵiri asanaloŵe m'thanki. Chimodzimodzi madzi amene mwathira mankhwala otetezera kolera.

Thanki yatsopano siilandira nsomba zambiri nthaŵi imodzi. Ndowe za nsomba ndi zakudya zotsala zimatulutsa poizoni wotchedwa amoniya. M'mchenga muja mumamera tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasandutsa poizoniyu kukhala wosaopsa, koma timatenga masabata 4 mpaka 6 kuti tichuluke. Yambani ndi tiana ta makumba tiŵiri, ndipo pakatha mwezi muonjezere tiŵiri kapena titatu. Tikakula kufika pa chikhatho, thanki yachepa: tipititseni ku dziŵe kapena kumphika.

Mbeu ya nsomba gulani kwa alimi ovomerezeka ndi Dipatimenti ya Nsomba. Musatole nsomba za m'dambo kapena mumtsinje, chifukwa mungatenge nazo matenda a zilonda aja. Mukafika nazo, yandamitsani jumbo lake m'thanki mphindi 20, uku mukuthiramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono, kenaka muzimasule. Nsomba yochoka m'madzi ofeŵa kuloŵa mwadzidzidzi m'madzi olimba imatha kufa ngakhale madzi onsewo ali abwino.

Ngati madzi ndi ofeŵa kapena olimba kwambiri

Madzi ofeŵa savuta kukonza. Sinjani zikamba za mazira kapena zigoba za nkhono zoŵiritsa, mumange m'kansalu ndi kuika pakona pa thanki. Zimasungunuka pang'onopang'ono monga mwa kusoŵa kwa madziwo.

Makumba ndi chilunguni zimapirira madzi olimba, choncho nthaŵi zambiri palibe chifukwa chowafeŵetsera. Akalimba mopyola muyeso, sakanizani ndi madzi a mvula otunga mvula itagwa kale kangapo, denga litatsukika. Chachikulu ndi chakuti madziwo azikhala a mtundu umodzi sabata ndi sabata.

Ena amafunsa za mbuna, nsomba zokongola za m'miyala ya Nyanja ya Malaŵi zimene zimagulitsidwa ku Ulaya ndi ku Amereka. Madzi a m'nyanjayi alibe asidi, pH yake imakhala cha m'ma 8, ndipo eni mathanki kumaiko akunja amachita kugula michere kuti afanizire madzi athuŵa. Mbuna zimafuna madzi oyera, ofunda, ndi pampu ya mpweya yosazima, motero siziyenera woyamba kumene. Dziŵaninso kuti nkoletsedwa kuzigwira m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, amene anakhazikitsidwa mu 1980.

Chisamaliro cha tsiku ndi tsiku

Dyetsani madeya osefa kapena chakudya chogula kaŵiri pa tsiku, chokwanira kutha m'mphindi zisanu. Nsomba zambiri za m'thanki zimafa ndi kuchuluka kwa chakudya, osati njala. M'miyezi ya June ndi July kuno kumazizira ndipo nsomba zimadya pang'ono, choncho chepetsani chakudya ndipo usiku fundikani thanki ndi thumba.

Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anai a madzi, mubwezeretse ena a pa chitsime chomwecho. Kungoonjezera madzi pamene aphwera sikokwanira, chifukwa dzuŵa limatenga madzi okha ndi kusiya michere, imene imanka nichuluka. Mukaona nsomba zili kakasi pamwamba m'maŵa, zikumeza mpweya, sinthani madzi tsiku lomwelo ndipo muchepetse nsomba.

Chenjezo kwa alimi a fodya

Fodya amapha nsomba. Fumbi la m'chigafa, zinyenyeswa za posankha ndi pomanga, ngakhale manja amene agwira fodya, zonsezi zili ndi chikonga chimene chingavulaze nsomba za m'thanki. Sambani m'manja ndi kutsukuluza sopo yense musanapise m'madzi. Keni yothirira nazale, ndowa yosungunulira mankhwala a mbozi ndi zigubu zakale za mankhwala zisayandikire nsomba, ngakhale mutazitsuka. Thanki ikhale ndi ndowa yakeyake, ndipo ana onse aidziŵe.

Kuchoka pa thanki kupita ku dziŵe

Amene muli ndi malo kudambo, zimene mwaphunzira pa thanki ndi zomwezo za dziŵe. Ngati madzi anu ndi ofeŵa, manyowa amene mungathire m'dziŵe sagwira bwino ntchito ndipo madzi sabiriŵira, pamene kubiriŵirako ndiko chakudya cha makumba. Mwazani laimu wa kumunda pansi pa dziŵe musanaloŵetse madzi, ndipo papite masabata aŵiri musanathire manyowa ndi kuika nsomba. Laimu wopaka nyumba ndi waukali, musamthire m'dziŵe muli nsomba.

Kuchuluka kwa laimu kumatengera nthaka ya pamalopo. Musanagule, tengani madzi anu m'botolo loyera, mupite nawo kwa Mlangizi wa za nsomba kudzera ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, kaya ndi ku Mkanda, ku Kalulu kapena pa Boma. Mumuuzenso zimene munaona pa botolo la sopo lija, ndi m'mene nsomba zanu zakhalira m'thanki kwa miyezi itatu yoyamba.