Tinthu Tosaoneka Timene Asayansi Amatitchera Msampha M'migodi

Mmisiri womanga nyumba ku Mchesi amayesa zinthu zitatu: mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Kodi chilengedwe chili ndi mbali zitatu zokhazi? Mu 1998 akatswiri atatu, Arkani-Hamed, Dimopoulos ndi Dvali, ananena kuti pangakhale mbali zina zopindika, zazing'ono kwambiri moti maso sangazione. Taganizirani chingwe chokokera khoka. Mukachionera patali chimangooneka kutalika, koma nyerere yoyenda pamenepo imathanso kuchizungulira.

Maganizo otere ayenera kuyesedwa. Choyesera chake ndi tinthu totchedwa neutrino, timene timachokera ku dzuwa ndi mumlengalenga. Toposa mabiliyoni 60 timadutsa pachikhadabo chanu pa sekondi iliyonse, inu osamva kanthu. Timapyola ngakhale thanthwe, n'chifukwa chake asayansi amatitchera msampha pansi penipeni, kumene zosokoneza zina sizifika.

Abale, nkhaniyi siyakutali. Mu 1965 Frederick Reines wa ku America ndi anzake a pa yunivesite ya Witwatersrand anagwira neutrino zoyamba zachilengedwe mumgodi wa golide wa ERPM ku Boksburg, makilomita oposa 3 pansi pa nthaka. Zaka zimenezo Amalawi zikwizikwi anali m'migodi ya ku Joni kudzera mwa Wenela.

Tinthuti tilipo mitundu itatu. Mu 1998 a ku Japan, pogwiritsa ntchito thanki ya madzi okwana matani 50,000 ya Super-Kamiokande, anatsimikiza kuti tikamayenda timasintha kuchoka mtundu wina kukhala wina. Apa ndi pamene pagona nkhani. Ngati mbali zobisikazo zilipo, neutrino zina zikhoza kulowerera kumeneko, ndipo powerengera zofika, chiwerengero chingapereweredwe mwa njira yodziwika.

Gulu la MINOS linatumiza neutrino kuchokera ku Fermilab kukafika mumgodi wa Soudan, mtunda wa makilomita 735. Mu 2016 linalengeza kuti silinapeze chizindikiro cha mbali ina. Ngati ilipo, kukula kwake sikufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Kusapezaku si kulephera ayi. Msodzi akaponya ukonde n'kuvuula wopanda kanthu, wadziwa pamene palibe nsomba. Tsopano ku America akumanga DUNE, yomwe idzatumiza neutrino mtunda wa makilomita 1,300 kupita kumgodi wakale wa golide ku South Dakota. Ukonde umenewo udzakhala wa maso ang'onoang'ono kuposa woyamba uja.