MAKINA OLONDA ZIPATA ZA DZIKO: ALIPIRA NDANI?

Anthu okhala ku Area 47 mu Lilongwe aona magalimoto akuru onyamula katundu alikudutsa pa mseu wa ku Mchinji usana ndi usiku. Katundu wambiri wogulitsidwa m'masitolo a pa Bwandilo, ndi m'magolosale a kumidzi omwe, anayamba waima pa cipata ca dziko. Cifukwa cace nkwabwino kuti anthu adziwe zocitika pamenepo.

Dziko la Malawi liribe doko pa nyanja yamcere. Katundu wa kutsidya atsikira ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam kapena ku Durban, nalowa m'dziko muno pa Mwanza, pa Dedza, pa Mchinji ndi pa Songwe. Pa zipata zimenezi bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linayamba nchito m'caka ca 2000, likhometsa msonkho ndi kugwira katundu wozembetsedwa.

Kale anyamata a msonkho anali kutsitsa katundu ndi manja kuti aone za m'kati, ndipo galimoto inali kugona pa cipata masiku angapo. Tsopano alipo makina ojambula za m'kati mwa galimoto yosatsegula, monga adotolo ajambula cifuwa ca wodwala ku cipatala. Makalata a msonkho nawonso alembedwa pa kompyuta mwa njira yochedwa ASYCUDA, yocokera ku bungwe la United Nations. Mu December 2022 Maboma a Malawi ndi Zambia anatsegula cipata ca Mchinji ndi Mwami, comangidwa ndi ndarama za African Development Bank, kuti woyendetsa galimoto aziima kamodzi m'malo mwa kawiri.

Makina ojambulawo sapangidwa kuno ai. Awapanga ndi makampani akunja monga Nuctech ya ku China, Smiths Detection ya ku Britain ndi Rapiscan ya ku America. Eni cuma aika ndarama zao m'makampani otere podziwa kuti ogula ace ndi Maboma, ndipo mapangano ace akhala a zaka zambiri. Ku Mozambique Boma linapatsa kampani ya Kudumba nchito yojambula katundu pa madoko, ndipo kampaniyo inayamba kulandira malipiro kwa eni katundu. Wamalonda aonjeza ndaramazo pa mtengo, kotero kuti potsiriza wolipira ndiye mai wogula sopo kumudzi.

Ici ndico cifukwa cace pangano liyenera kulembedwa mosamala. M'caka ca 2019 Boma linapangana ndi kampani ya Techno Brain za makina opangira mapasipoti, pa mtengo woposa madola 60 miliyoni. Mu December 2021 Boma linathetsa panganolo. Kumayambiriro kwa 2024 makinawo anaima, ndipo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr. Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbala za pa kompyuta zinalowerera makinawo ndi kufuna dipo. Kwa masabata angapo ophunzira, amalonda ndi odwala ofuna kupita kunja anasowa mapasipoti. Phunziro lace nlakuti pogula makina, dziko liphunzitsenso ana ace kuwayendetsa ndi kuwakonza, ndipo makiyi ace akhale m'manja mwa Boma.

Pali cenjezo lina kwa alimi ndi aphunzitsi amene asunga kandarama. Makampani atatu achulidwa pamwambawa sali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre. Tsono munthu akafika pamudzi nanena kuti alikugulitsa masheya ace, ndi kulonjeza phindu la msanga, asapatsidwe ngakhale tambala imodzi. Wofuna kugula masheya apite kwa ogulitsa obvomerezedwa ndi Reserve Bank of Malawi, afunse bwino, nalandire kalata ya umboni. Aphunzitsi apemphedwa kufotokozera zimenezi anthu amene sadziwa kuwerenga.