Chiwongolero ndi botolo: madalaivala a ku Mzuzu

Kukamacha ku Mzuzu, m'depoti mumakhala muli kale phokoso. Maminibasi a ku Karonga, Rumphi ndi Nkhata Bay amakhala atandanda, oitanira akulimbirana okwera, ma Sienta akulowera ku Ekwendeni, akabaza akuthamangira ku Chibavi ndi ku Luwinga. Madalaivala ambiri galimotozi si zawo. Mwini wake amadikira ndalama yake madzulo, kaya okwera analipo kaya ayi, ndipo dalaivala ndi kondakitala amagawana zotsala.

Pa ntchito yotereyi mowa sukhala patali. Mu June ndi July, kuzizira kukalowa m'mafupa, ena amayamba tsiku ndi katoti ka kachasu. Ena amamwa kuti achotse matsire a dzulo.

Lamulo la pamsewu la 1997 limaletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera, ndipo malire ake ndi magalamu 0.08 a mowa pa mamililita 100 a magazi. Apolisi a pamsewu akamuuziritsa dalaivala m'kachipangizo kopimira mowa, nambala n'kupitirira pamenepo, chomudikira ndi chindapusa kapena khoti.

Chodetsa nkhawa n'chakuti ambiri mwa opezeka olakwawo sadziona ngati oledzera. Kwa iwo woledzera ndi uja wodzandira, wogwa m'ngalande. Amati anangolawa, kapena kuti anamwa usiku, m'mawa anali bwinobwino. Ena amadalira zaka zimene akhala pa chiwongolero: makona a ku Chiweta amawadziwa onse, nkhungu ya ku Chikangawa anaizolowera. Kugwidwako amakutcha tsoka, poti anzawo amene anamwa nawo limodzi anadutsa osaimitsidwa.

Koma thupi silitsata maganizo amenewa. Chiwindi chimachotsa mowa pang'onopang'ono, ndipo kusamba kapena tiyi wotentha sizifulumizitsa. Womwa mpaka pakati pa usiku angathe kunyamula anthu mbandakucha mowa udakali m'magazi. Mowawo umamupatsa mtima woti ali bwino, pamene phazi likuchedwa kufika pa buleki. Kutenthedwa kumene amakumva akamwa kukuzizira n'konyenga, chifukwa mowa umatayitsa thupi kutentha.

Alipo amene chilango chimawatsegula maso, makamaka laisensi ikalandidwa, bwana n'kupereka makiyi kwa wina, lendi ya nyumba ku Mchengautuwa n'kuyamba kuvuta. Otere akabwerera pa msewu amasunga mowa mpaka tsiku lopuma, ndipo akamwa madzulo, ulendo woyamba wa m'mawa amausiyira mnzawo.