Musathyole vwende lisanapse

Alimi anzanga, vwende silili ngati nthochi: likathyoledwa silipsanso. Mukapita nalo kumsika laliwisi, wogula akalidula mwataya ndalama ndi mbiri yomwe.

Musanathyole, onani zinthu zitatu. Kachingwe kopotana kamene kali pafupi ndi vwendelo kakhale kouma. Pamene lagonera pansi pakhale pachikasu, osati poyera. Mukaligogoda lizimveka kuti phu phu, osati ngwe ngwe.

Dziwaninso mtundu umene munabzala. Sugar Baby ndi lobulungira, lobiriwira moderako, ndipo limapsa pakatha masiku pafupifupi 80 likadali laling'ono, choncho musadikire kuti likule. Crimson Sweet lili ndi mizeremizere. Charleston Gray ndi lalitali, ndipo limakhalabe lotuwa ngakhale litapsa.